Labrador ku Mangochi: ana amukonda, koma ulonda musamupatse

Amayi, mwafunsa zitatu: ngati kagalu ka Labrador ka masabata 6 kamene akufuna kukugulitsani kangakhale bwino ndi ana anu aang'ono, ngati kangapirire kutentha kwa kuno, komanso ngati kadzalondera pakhomo. Za ana, inde. Za kutentha, zili kwa inu. Za ulonda, iwalani.

Makolo a galu ameneyu anali agalu a asodzi ku Newfoundland, m'dziko la Canada, komwe ankalumphira m'madzi ozizira kukakoka zingwe za maukonde ndi kutola nsomba zopulumuka. Alenje a ku Britain anamutenga m'zaka za m'ma 1800 kuti azikatola mbalame zowomberedwa n'kubwera nazo osaziphwanya, ndipo bungwe la kumeneko lolembetsa mitundu ya agalu, Kennel Club, linamulemba ngati mtundu pawokha mu 1903. Chimene chili m'magazi mwake ndi kunyamula chinthu pakamwa n'kukapatsa munthu. Munthu akagogoda pageti auwa kawiri katatu, akalowa amugwedezera mchira basi. Wakuba wobwera ndi mutu wa chambo apeza bwenzi.

Ndi ana ngwofatsa, koma ngwolemera. Wamphongo amafika makilogalamu 29 mpaka 36, wamkazi 25 mpaka 32, ndipo chibwana chimamuthera pa zaka ziwiri kapena zitatu. Vuto lake si kuluma kwenikweni koma kugwetsa mwana pomulumphira. Kuyambira tsiku loyamba, asanalandire mbale kapena moni ayambe wakhala pansi. Mphindi zisanu, katatu patsiku, kausipa m'manja, sabata imodzi agwira. Ndodo imangomupusitsa. Ana nawo asamusokoneze akamadya kapena akagona, ndipo mwana wosakwana zaka zisanu asatsale yekha ndi galu aliyense. Kumbukiraninso kuti kuno anansi ambiri ndi Asilamu, ndipo ambiri safuna kunyambitidwa ndi galu, makamaka atavala zopita nazo ku mzikiti. Galu wosalumphira alendo akusungirani ubale.

Masabata 6 achepa. Auzeni akasunge kwa mayi wake mpaka masabata 8, chifukwa m'masiku amenewo ndi mmene kamaphunzira kwa anzake kusaluma mopweteka. Kaoneni mayiyo akuyenda. Ngati akuvutika kudzuka, kapena pothamanga akuponya miyendo yakumbuyo pamodzi ngati kalulu, ndiye nthenda ya m'chiuno imene imayenda m'magazi a mtunduwu. Musagule.

Katemera wa matenda opha tiagalu a parvo ndi distemper ndi katatu: pa masabata 6 mpaka 8, kenako 10 mpaka 12, womaliza 14 mpaka 16. Wa chiwewe pa miyezi itatu, kenako chaka chilichonse. Mpaka katemera womaliza wa parvo atakwana kasatuluke kumpanda, poti kachilombo ka parvo kamakhala m'dothi miyezi yambiri. Kagalu kakayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba magazi onunkha, tsiku lomwelo kwa a vetenale. Mankhwala a njoka zam'mimba: masabata awiri aliwonse mpaka miyezi itatu, mwezi uliwonse mpaka miyezi 6, kenako pa miyezi itatu iliyonse.

Tsopano kutentha. Galu uyu ali ndi ubweya wosanjikiza kawiri, wa kudziko lozizira, ndipo satuluka thukuta ngati ife, amadziziziritsa popuma mwawefuwefu. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene kuno kumapyola madigiri 35, Labrador womangidwa padzuwa kapena wotsekeredwa m'kakhola ka malata atha kufa masana amodzi. Kuipa kwake, iye sadziwa kuleka: mwana akamaponya mpira azithamangabe mpaka kugwa. Amafunika kuyenda ola limodzi patsiku, koma muligawe, mbandakucha ndi madzulo dzuwa litalowa. Gundani mchenga ndi kuseri kwa dzanja. Ukakuotchani musanawerenge kasanu, umusupula mapazi. Madzi malita awiri patsiku ndi poyambira chabe, mabeseni awiri pamthunzi. Mukaona lilime lafiira kwambiri, dovu lonanda, akudzandira, muthireni madzi ozizira pamimba, m'khwapa ndi m'ntchafu, mumukupize, ndipo muthamange naye. Osamufunditsa thaulo lonyowa, limasunga kutentha. Kumumeta mpala sikuthandiza, khungu limapsa. Mupeseni kawiri pasabata kuti ubweya wam'kati uthothoke.

Chachiwiri chopha agalu otere ndi nkhupakupa. Agalu akumudzi anazolowerako, uyu ayi. Madzulo aliwonse mumupapase m'makutu, m'khosi ndi pakati pa zala. Pali mapiritsi monga NexGard wa mwezi uliwonse ndi Bravecto wa masabata 12, amaperekedwa molingana ndi kulemera kwake. Dipi wa ng'ombe wosakaniza mongoyerekeza ndi poizoni kwa galu. Chizindikiro musaiwale ndi ichi: Labrador sakana chakudya. Akasiya mbale, tukulani mlomo muone usinini. Ukayera m'malo mofiirira, mkodzo n'kuda ngati tiyi, ndi malungo a nkhupakupa, akufunika jakisoni lero lomwe. Musamupatse Panado kapena Brufen, zimawononga chiwindi ndi impso. Nthawi ya dzinja yang'ananinso tizithupsa tokhala ndi kabowo pakati: ndi mphutsi za ntchentche zimene zimaikira mazira mumchenga wamkodzo pamthunzi. Pakani Vaseline pakabowopo, ikasuzumira muifinye mosamala ituluke yathunthu. Azigona pasimenti kapena pathabwa, osati padothi.

Madzi amawakonda kuposa nsima, ndipo kusambira kumamulimbitsa osapweteka chiuno. Koma mu Shire, ku Malombe ndi paliponse pali bango, ayi, ng'ona sisiya galu. Kugombe la asodzi akhale pachingwe, chifukwa amameza nyambo ndi mbedza yomwe. Zikatero musakoke ulusi wotuluka m'kamwa, siyani momwemo mupite naye. Akavuuka mupukuteni m'makutu. Makutu ake ogwa amasunga chinyezi, ndipo mukamva fungo, iye akupukusa mutu, alowa matenda.

Pa chakudya vuto n'losiyana ndi la agalu ena. Ofufuza a ku yunivesite ya Cambridge ku Britain anapeza mu 2016 kuti pafupifupi Labrador mmodzi mwa anayi ali ndi chibadwa chosamva kukhuta. Maso achisoni aja asakunyengeni. Kagalu kadye kanayi patsiku mpaka miyezi itatu, katatu mpaka miyezi 6, kenako kawiri. Wamkulu chakudya chogula cham'thumba ndi magalamu 300 mpaka 400 patsiku. Ngati mukuphika nokha, theka la mbale nsima ya mgaiwa, gawo limodzi mwa atatu usipa wophika ndi minga yake, dzira kapena nyama, chotsalacho dzungu kapena masamba, popanda mchere. Nsima yokhayokha ndi msuzi imapinda miyendo ya kagalu kokula msanga ngati aka. Anyezi, adyo, chokoleti ndi mafupa a nkhuku ophika ayi. Nthanga za mango ndi zitsononkho muzitola pabwalo, akameza zimatseka matumbo. Pomusisita m'mbali nthiti zizimveka mosavuta. Zikasowa, chepetsani nsima, ndipo muwafunse ana zimene akumuponyera kuseri kwa khitchini.