Tirigu yemweyo, chuma chosiyana: Russia ndi America

Bambo wina wa ku Kasungu wanditumizira imelo kufunsa kuti: "Russia ndi America onse anali maiko akuluakulu a alimi, onse ankagulitsa tirigu ku Ulaya. Nanga zinatheka bwanji kuti America adzaze ndi mafakitale, Russia n'kutsalira?"

Bambo, ine ndimayang'ana zaka ziwiri zoyandikana, 1861 ndi 1862, ndipo funso langa ndi lakuti ndalama ya tirigu inkathera m'thumba mwa yani.

Mu 1861 mfumu ya Russia, Alexander II, inamasula alimi amene ankakhala ngati akapolo m'minda ya mabwana, zofananako ndi thangata ya ku Thyolo ndi Mulanje. Koma ufuluwo unadza ndi ngongole. Boma linalipira mabwanawo, alimi n'kuuzidwa kuti abweze ndalamazo kwa zaka 49. Komanso malo sanali a munthu payekha. Anali a mudzi, ndipo m'madera ambiri mudziwo unkagawanso minda pakapita zaka. Ndani angavutike kuthira manyowa m'munda woti mawa aupereka kwa wina? Ngongoleyo inathetsedwa mu 1907, mbadwo wonse utakalamba nayo.

Mu 1862 pulezidenti wa America, Abraham Lincoln, anasaina lamulo la Homestead Act: maekala 160 kwa munthu wokhala ndi kulima pamalopo zaka zisanu. Pano tisanamizane, malowo anachita kulanda kwa eni nthaka, ndipo kummwera thonje linkalimidwabe ndi akapolo. Komabe mlimi wa m'chigawo ngati cha Nebraska anali ndi munda waukulu, aganyu ochepa ndiponso odula. Ndiye anagula pulawo yachitsulo ya John Deere ndi makina okololera a McCormick opangidwa ku Chicago. Fakitale inapeza kasitomala m'dziko momwemo.

Si kuti Russia anangokhala manja lende ayi. M'zaka za m'ma 1890 mafakitale ake ankakula mofulumira kwambiri, koma wotsogolera ntchitoyo anali boma. Nduna ya zachuma Sergei Witte inalimbikira njanji, makamaka ya Trans-Siberian imene inayambika mu 1891, ndi ndalama zokongola ku France. Zobweza zinkachokera kumudzi: msonkho pa palafini, shuga, machesi ndi vodka, kenako tirigu wotumiza kunja. Mlimi ankagulitsa atangokolola, mitengo ili pansi, kuti alipire boma. Munthu wotere pulawo yatsopano aigula ndi chiyani? Chaka chomwecho cha 1891 njala yoopsa inagwa m'zigawo za mtsinje wa Volga.

Stalin, mtsogoleri wa Soviet Union (dziko lophatikiza Russia, Ukraine, Kazakhstan ndi ena), anadzayenda njira yomweyo, koma ndi mfuti. Kuyambira 1929 anakakamiza alimi kulowa m'minda ya gulu, tirigu n'kumapita kunja kukagula makina, ndipo mu 1932 ndi 1933 njala inapha anthu mamiliyoni ku Ukraine ndi Kazakhstan. Zitsulo zinapangidwadi, zambiri ndithu. Koma fakitale ya mathirakitala ya ku Stalingrad, yotsegulidwa mu 1930, mapulani ake anajambula a kampani ya Albert Kahn ya ku Detroit, ku America.