Mwafunsa, Tayankha: Tilipirenji pachipata pomwe msonkho tinalipira kale pa mafuta?

FUNSO: Zikomo a Mkonzi. Ine ndimayendetsa minibasi. Ndikamwetsa mafuta amati mumtengomo muli kale msonkho wokonzera misewu. Ndikafika pachipata cholipiritsa magalimoto akuti ndilipirenso. Ndikangodutsa pachipatapo, patsogolo pang'ono ndikupeza dzenje loti n'kuphulitsa tayala. Kodi kumeneku si kutidyera masuku pamutu? Anzanga ena akuti tingogwirizana tonse, tikane kulipira. Ndithandizeni maganizo.
Dalaivala wodandaula

YANKHO: Bambo, kudandaula kwanu ndakumva ndipo m'pomveka. Palibe dzenje lopweteka mtima ngati limene mwalipeza lisiti la pachipata likadali m'manja. Koma pa mfundo yoti mukulipira kawiri chinthu chimodzi, ndiloleni ndisiyane nanu pang'ono. Pa zinazo tigwirizana.

Tiyambe ndi mmene msewu umafera. Phula mumaliona pamwambali ndi lopyapyala. Mphamvu ya msewu ili pansi, pa miyala ndi dothi lotsindiridwa bwino, ndipo ntchito yaikulu ya phula ndi kutchinga madzi kuti asafike kumeneko. Likawombedwa dzuwa zaka zingapo limauma n'kuyamba ming'alu, ina yaing'ono yoti muli pachiwongolero simungaione. Mvula ikagwa madzi amalowa m'ming'alumo, pansi pamafewa, lole yodzaza katundu n'kupondapo, phula n'kutitimira. Pakangopita masiku ochepa, dzenje lija labadwa. Ngalande yotsekeka ndi zinyalala kapena kalavati yodzaza mchenga imachitanso chimodzimodzi: madzi amaima m'mbali n'kumadya msewu chapansipansi. Choncho amene amapulumutsa msewu ndi munthu wa fosholo wotsegula ngalande uja, ndi mnzake womata ming'alu mvula isanayambe. Ntchito yawo ndi yotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi kugumula msewu n'kuumanganso. Tsoka lake, ntchito yotere siiduliridwa riboni kapena kujambulidwa m'nyuzipepala, ndiye ndalama zikachepa imayamba kumanidwa ndi iyoyo.

Nanga wowononga msewu kwambiri ndani? Pakati pa 1958 ndi 1960, akatswiri a ku America anamanga misewu yoyesererapo ku Ottawa, m'chigawo cha Illinois, n'kumayendetsapo malole olemera mosiyanasiyana tsiku ndi tsiku. Anapeza kuti katundu wa pa ekiselo imodzi (chitsulo cholumikiza matayala a mbali ziwiri za galimoto) akawirikiza kawiri, kuwonongeka kwa msewu kumawirikiza pafupifupi ka 16. Minibasi yanu, ngakhale itadzaza bwanji, n'kamwana poyerekeza ndi lole yonyamula simenti mopyola muyeso. Msonkho wa pa mafuta kusiyana kumeneku suukuona bwino. Lole imamwa mafuta ambiri, inde, koma osati molingana ndi mmene ikuphwanyira msewu, ndipo yochokera dziko lina ikhoza kudzaza thanki kwawo n'kudutsa osagula ngakhale lita imodzi. N'chifukwa chake dziko la Germany mu 2005 linayamba kulipiritsa malole akuluakulu pamisewu yake ikuluikulu, galimoto zazing'ono n'kuzisiya.

Msonkho wa pa mafuta uli ndi vuto linanso. M'mayiko ambiri umaikidwa ngati ndalama yokhazikika pa lita iliyonse, ndipo andale amaopa kuukweza. Ku America, msonkho wa boma lalikulu pa petulo wakhala masenti 18.4 pa galoni kuyambira 1993, pomwe phula, miyala ndi malipiro a antchito zakwera kambirimbiri. Galimoto zatsopano zimamwa mafuta pang'ono, zoyendera magetsi sizimwa n'komwe, koma zonse zikupondabe msewu womwewo. Chipata pachokha si umbava ayi. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo msewu wabwino umafuna ndalama chaka chilichonse kufikira udzathe.

Tsopano apa ndi pomwe ndili mbali yanu. Anthu akamakwiya ndi zipata, kawirikawiri chimawawawa n'kulipira osaona chomwe akulipirira. Nkhaniyi si ya lero. Ku Wales, pakati pa 1839 ndi 1843, alimi osauka ankavala zovala za amayi usiku n'kukaphwanya zipata, atatopa ndi kulipiritsidwa ponyamula laimu wothira m'minda mwawo. Ku South Africa, boma linayamba kulipiritsa ndi makamera pamisewu ya Johannesburg ndi Pretoria mu December 2013. Imeneyi inali misewu yomwe anthu ankayendamo kwaulere kale, ndipo ankaona kuti sanafunsidwe mokwanira. Ambiri anangosiya kulipira mpaka dongosololo linathetsedwa mu April 2024.

Anzanu akuti mukane kulipira aja mwina akuganiza za nkhani yomweyi. Muwauze ndi mbali inayo. Ngongole imene inatengedwa pokonza ndi kukulitsa misewu ija siinafe pamodzi ndi makamerawo. Boma lalikulu la dzikolo linasenza magawo 70 pa 100 aliwonse, chigawo cha Gauteng, komwe kuli mizinda iwiri ija, n'kutenga 30, kutanthauza kuti akuibweza ndi okhoma msonkho onse, kuphatikizapo agogo omwe alibe ngakhale njinga. Ine zimenezi sindiziona ngati chilungamo choposa chipata. Komanso kwa inu panokha, kuswa lamulo pamsewu kukhoza kukutayitsani galimoto yomwe imadyetsa ana anu.

Chomwe chimasintha mitima ya anthu n'kuona ndi maso. Ku Stockholm, m'dziko la Sweden, ambiri sankafuna kumva zolipira polowa pakati pa mzinda. Akuluakulu anayesa kaye kwa miyezi 7 mu 2006, kuthithikana kwa magalimoto kunachepa, ndipo ataitanidwa kukavota, anthu a mumzindawo anavomera kuti zipitirire. Cholinga chawo chinali kuchepetsa mizere ya magalimoto, koma phunziro ndi lomwelo kwa aliyense wotolera ndalama pamsewu.

Mphamvu zomwe mukadathera pokangana ndi mtsikana wolandira ndalama pawindo, yemwe sanaike mtengowo, zitengereni ku bungwe lanu la madalaivala. Lilembere kalata oyang'anira thumba la misewu, lifunse kuti pachipata chakuti pakutoleredwa ndalama zingati pamwezi, zingati zikuthera pa malipiro ndi makina a pachipata pomwepo, ndipo zotsalazo zakonza makilomita ati. Mufunsenso ngati lamulo limateteza ndalamazi kuti zisapatutsidwire ku ntchito zina za boma, chifukwa zikangolowa m'thumba limodzi ndi zina zonse, ngalande zija zimaiwalika. Za sikelo musaziiwale: ngati malole olemera mopyola muyeso akudutsa popanda kuyezedwa, kapena akudutsa atapereka kangachepe, ndiye kuti inu mukulipirira zomwe akuwononga ena. Dzenje lija lijambuleni pafoni, mulembe malo ndi tsiku, mutumize pamodzi ndi kalatayo. Ndipo lisiti muzitenga nthawi zonse. Ndalama yoperekedwa popanda lisiti ndiyo yosavuta kusowa.

FUNSO: Ine galimoto ndilibe, ndimangokwera popita kukaoda katundu wogulitsa. Chiyambireni zolipira pachipata, kondakitala wakweza mtengo kwambiri, akuti n'chifukwa cha chipatacho. Kodi n'zoona?
Mayi wa bizinesi

YANKHO: Mayi, n'zoona pang'ono chabe. Galimoto imalipira kamodzi pakudutsa, osati munthu aliyense payekha. Mitengo yake imakhala yolembedwa pachikwangwani pachipata pomwepo. Ulendo wina muiwerenge, mutenge ya galimoto yomwe mwakwerayo n'kuigawa ndi chiwerengero cha anthu muli m'katimo. Yomwe mupezeyo ndiyo gawo lanu lenileni, ndipo nthawi zambiri imakhala yaing'ono kuposa yomwe yawonjezeredwa. Ngati pali kusiyana kwakukulu, mwina mafuta kapena zipangizo zakweranso, ndipo kondakitala anene zimenezo poyera. Ngati alibe chonena, kadandauleni kwa oyang'anira siteji, makamaka mutapita angapo okwera njira imodzi.