Musalipirenso full blood count yachitatuyo

Achemwali, mwati kukiliniki akufuna mulipire kachitatu full blood count (FBC), kuyeza kowerenga maselo onse a m'magazi, poti mwana ali ndi magazi ochepa. Imani kaye. Mwanayo wayamba mankhwala a ayironi sabata yathayi, ndiye akufuna aone chiyani lero? Mankhwala akamagwira bwino, Hb (muyeso wa kuchuluka kwa magazi) imakwera pafupifupi 1 g/dL pa masabata awiri kapena atatu. Yezaninso pakatha mwezi, ndipo kubaya chala kokha ndi kokwanira. Hb ikabwerera m'malo, mankhwalawo apitirire miyezi ina 3 kuti thupi lisunge ayironi.

Makiliniki ena olipiritsa m'tauni muno amandikwiyitsa zedi. Mwana akulira, kachala kozizira, spirit sinaume n'komwe, woyeza wabaya kale. Magazi akuchedwa kutuluka, iye n'kumafinya chala ngati akukama ng'ombe. Dontho loyamba, lomwe amayenera kupukuta, ndi lomwe walowetsa mu cuvette (kapulasitiki kolowetsera magazi m'makina oyezera), muli ndi kathovu ka mpweya. Kufinyako kumasakaniza magazi ndi madzi a m'mnofu, makina n'kuwerenga motsika. Botolo la ma cuvette lakhala chitsegulire pa tebulo, ndi kutentha kwa Mangochi kuno, pomwe chinyezi chimawawononga. Kenako mayi akuuzidwa kuti magazi atha, tiyeze FBC, tiyeze ferritin (muyeso wa ayironi wosungidwa m'thupi), mubwerenso Lolemba. Ya ndiwo yapita, ya kabaza yapita. Ferritin yomweyo imakwera yokha munthu akakhala ndi malungo kapena thupi likatentha, ndiye kuyeza mwana wodwala n'kutaya ndalama basi.

Chondiwawa kwambiri, pa zonsezi palibe wafunsa kuti kodi mwanayu amasamba kunyanja? Amakodza magazi? Ife a m'mbali mwa Shire, Malombe ndi nyanja ya Malawi, magazi amatithera ndi malungo, likodzo ndi njoka za m'mimba. Kuyeza malungo ndi mRDT, kachipangizo koyezera pobaya chala, kumatenga mphindi 15 mpaka 20. Likodzo limaoneka mu mkodzo, mankhwala ake ndi praziquantel, 40 mg pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa thupi. Njoka, albendazole 400 mg kamodzi kwa wazaka 2 kupita m'mwamba. Zonsezi ku chipatala cha boma n'zaulere zikakhalapo. Gwero likapanda kuthetsedwa, mudzayeza mpaka buku la chipatala kudzaza.

Manambala a Hb, mu g/dL, ndi awa: bambo pansi pa 13, mayi pansi pa 12, woyembekezera pansi pa 11, ndiye kuti magazi achepa. Pansi pa 7 kwa woyembekezera kapena mwana wosafika zaka 5 ndi zoopsa. Uzani woyezayo alembe nambala ndi tsiku m'buku, osangoti "ndi ochepa". Ndipo mwanayo asamwere mankhwala a ayironiwo tiyi, amatsekereza ayironi. Azidya usipa, bonongwe, nyemba, kenako lalanje. Masamba a mapeyala owiritsa aja sangalowe m'malo mwa mankhwala.

Komabe musandimve molakwa. Mukaona zikhatho ndi m'kati mwa zikope mwayera mbee, akupuma mofulumira, wafooka kapena mapazi atupa, thamangani lero lomwe, ngakhale anayezedwa dzulo, ngakhale kolipira komweko ngati ndi kumene kuli pafupi. Komanso mwezi ukatha Hb osasuntha, FBC ija muilipire ndithu. Afunseni MCV, muyeso wa kukula kwa maselo ofiira a magazi: pansi pa 80 mwa wamkulu kawirikawiri ndi kuchepa kwa ayironi. Ikakhala bwinobwino afufuze zina, monga sickle cell ndi HIV.