Kaunti ikatsika dzukani pa tebulo, koma choyamba bwezani ndalama za mashonisa

Funso: Ndimagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo Loweruka ndimakasewera blackjack, masewera a makhadi olimbirana kuyandikira 21 osapitirira, ku kasino. Ndimawerenga makhadi ndi njira ya Hi-Lo, momwe kaunti imakwera makhadi ang'onoang'ono akatuluka, n'kutsika akatuluka akuluakulu. Kodi ndiloweze pamtima zosintha zonse za kaseweredwe zapamene kaunti yatsika pansi pa ziro? Mpamba wanga ndi R5,000 yomwe ndinatenga kwa mashonisa, wobwereketsa ndalama za katapila, amafuna 30 peresenti pamwezi.

Yankho: Achimwene, zosinthazo ndi zisanu zokha zomwe zili ndi ntchito, ndipo mungaziloweze mukudikira ketulo kuti iwire. Muli ndi 12, wogawa waonetsa 4: kokani khadi kaunti yeniyeni (kaunti ija mutaigawa ndi nambala ya mapaketi a makhadi otsala) ikatsika pansi pa ziro. Muli ndi 13 pa 2, kapena 12 pa 6: kokani ikatsika pansi pa -1. Muli ndi 12 pa 5, kapena 13 pa 3: pansi pa -2. Basi. Pa mndandanda wa zosintha 18 womwe katswiri wa blackjack Don Schlesinger anakonza, zisanuzi zili kumchira. Kumutu kuli kutenga inshuwaransi (betcha yapadera yoti wogawa yemwe waonetsa Ace ali ndi 21) kaunti ikafika +3, kenako kuima pa 16 wogawa ataonetsa 10.

Zili kumchira chifukwa kaunti ikatsika mumakhala mwabetcha ndalama yochepetsetsa. Tinene kuti ndi R50, ndipo kusinthako kwakupulumutsani 2 peresenti. Ndiye R1 imeneyo, pa dzanja lomwe limabwera mwa apo ndi apo. Komanso si phindu, mwangochepetsa chiluzi. Stanford Wong, katswiri wina wa masewerawa, anatchuka ndi nzeru yophweka kuposa izi: makhadi akuluakulu akatha, nyamukani, mudzakhalenso pansi zinthu zikakoma. Ndipo ngati tebulo lanu lili ndi makina osakaniza makhadi dzanja lililonse, palibe chomwe mukuwerenga, mukungotopetsa mutu.

Koma chandiwawa mtima ndi chiganizo chomaliza cha kalata yanu, chomwe mwachilemba ngati chongodutsa. Makalata otere ndawerenga ambiri, ena a kaunjika, ena a minibasi, wanu wa makhadi, ndipo katapila amabisala kumapeto nthawi zonse.

Tiwerengere limodzi. Chiwongoladzanja chanu ndi R1,500 mwezi uliwonse. Katswiri wowerenga makhadi amaposa kasino ndi pafupifupi 1 peresenti. Mukamabetcha R100 pa dzanja, manja 60 pa ola, ndalama yodutsa pa tebulo ndi R6,000, yanu ndi R60. Ndiye kuti maola 25 pamwezi, osalakwitsa ngakhale kamodzi, mukugwirira mashonisa ganyu. Loweruka anayi, maola oposa asanu ndi limodzi tsiku lililonse, ndipo R5,000 ija simunaikhudze. R60 yakeyo siibweranso ngati malipiro. Usiku umodzi mukhoza kusewera bwino kwambiri n'kutuluka R1,500 itapita. Mpamba wokwana mabetcha 50 okha ndi wochepa zedi pa masewerawa, ukhoza kutha mwayi usanatembenuke. Mashonisa sadzamva zoti kaunti inali yabwino. Iye amadziwa tsiku lomwe mumalandira.

Palinso china chomwe simunalembe: kuti mwapeza zingati kapena mwaluza zingati chiyambireni. Ndikukhulupirira kuti kope mulibe. Munthu amakumbukira usiku womwe anatuluka ndi thumba lotupa, n'kuiwala mausiku atatu omwe anabwereka ya thiransipoti. Mutu womwe ukutha kutsata makhadi oposa 300 sungalephere kulemba mizere inayi: tsiku, maola, ndalama yolowa nayo, ndalama yotuluka nayo. Chakumwa ndi takisi zilowe momwemo. Popanda kope limeneli simukudziwa ngati muli pa bizinesi kapena mukungotchova njuga.

Ndipo ndikudziwa kuti foni yochokera kumudzi imalira. Feteleza, fizi, malata. Tsiku lomwe mwapambana mumatumiza ndi mtima wonse, ndiye mpamba umachepa mukapambana, umachepanso mukaluza. Abale athandizeni kuchokera pa malipiro anu, ndalama yoikika pamwezi, aidziwe.

Loweruka likubwerali musapite ku kasino. Zomwe zatsala pa R5,000 zija kaperekeni kwa mashonisa, alembe kuti walandira, ndipo zotsalazo mumalize ndi malipiro a mwezi uno ndi wamawa. Mukatero mundilemberenso, ndi masamu oona a miyezi yomwe mwasewera kale.