Foni ikundipha khosi

FUNSO: Ndine mayi wa zaka 43, ndimagwira ntchito ya ejenti wa Airtel Money ndi Mpamba pa msika wa Namwera. Tsiku lonse ndimakhala chowerama pa foni ndi pa buku lolembamo. Madzulo khosi limauma, ululu n'kumatsikira m'mapewa, nthawi zina mpaka mutu. Kodi ndi BP? Nditani?

YANKHO: Mayi, BP kayezetseni ndithu, koma kawirikawiri simveka m'khosi. Zomwe mwafotokozazi zikuloza ku kakhalidwe kanu pa ntchito.

Mutu wa munthu wamkulu umalemera makilogalamu pafupifupi 5, ndipo umakhala pa timafupa 7 ta m'khosi. Mukaimika mutu, mafupawo ndi amene amasenza. Mukawerama, ntchito imagwera minofu ya kumbuyo kwa khosi ndi ya m'mapewa. Dokotala wa msana wa ku New York, Kenneth Hansraj, anawerengera mu 2014 kuti mutu ukawerama madigiri 30 khosi limamva ngati makilogalamu 18, pa madigiri 45 ndi 22, pa madigiri 60 ndi 27. Makilogalamu 22 amaposa ndowa ya madzi ya malita 20, ndipo ndowayo mumaisenza khosi lili chilili, n'kuitula mukafika. Foni simuitula.

Choyamba, kwezani foni. Tsamiritsani zigongono pa tebulo kuti foni ifike pafupi ndi chibwano, muziiyang'ana potsitsa maso okha. Tebulo likakhala lalifupi, sanjikani kabokosi pansi pa buku lanu. Pa msinkhu wanuwu maso amayamba kuvutika ndi zilembo zazing'ono, munthu n'kumasuzumira osadziwa. Kulitsani zilembo za pa foni, ndipo kayezetseni maso. Lekaninso kupana foni pakati pa khutu ndi phewa pamene mukuwerenga ndalama.

Pakatha mphindi 20 kapena 30 zilizonse, imirirani. Kokerani chibwano m'mbuyo molunjika, osayang'ana kumwamba kapena pansi, gwirani masekondi 5, bwerezani ka 10. Kenako kokerani mapewa m'mbuyo ngati mukufuna akumane pamsana, ka 10. Ambiri amalakwitsa pochita izi kamodzi madzulo mwamphamvu. Chothandiza ndi pang'onopang'ono koma pafupipafupi.

Kunyumba thowani ndi kansalu konyika m'madzi ofunda kwa mphindi 15. Gonerani pilo mmodzi wosatukuka kwambiri, chagada kapena chammbali, osati chafufumimba. Panado wa 500mg mutha kumwa awiri, osapitirira kanayi pa tsiku, motalikitsa maola osachepera 4. Bulufeni imwani mutadya, ndipo mupewe ngati muli ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso, BP yokwera kapena muli oyembekezera. Zoti wina akupotokoleni khosi mpaka lilire, ayi.

Pali zizindikiro zosafunika kudikira. Khosi louma limodzi ndi kutentha thupi, mutu waukulu, kusanza kapena kubalalika maganizo akhoza kukhala matenda oumitsa khosi: thamangani ku chipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi ngati dzanja lachita dzanzi kapena lafooka, mukugwetsa zinthu, miyendo ikulemera, kapena ululu unayamba mutagwa pa kabaza. Kuwonda ndi kutuluka thukuta usiku kumafunika kuyezetsa TB, chifukwa imagwiranso mafupa a msana.

Zikapanda kusintha pakatha masabata awiri kapena atatu mukuchita zonsezi, pitani ku chipatala chapafupi mukapemphe kalata yopita ku chipatala chachikulu cha Mangochi, akakuoneni a mafizo.