Mabaji obiriwira aswa mwana wabuluu: mayankho kwa oweta mbalame mu Lusaka

Mafunso awa achokera kwa anthu amene akuweta mabaji, timbalame tating'ono ta banja la zinkhwe, kuseri kwa nyumba muno mu Lusaka, ena pofuna ndalama, ena chifukwa chongokonda mbalame. Dandaulo lawo n'limodzi: ana akutuluka a mtundu umene mwini khola sanauyembekezere.

Amayi ena a ku Chilenje afunsa kuti: "Mbalame zanga zonse ziwiri n'zobiriwira, koma mwa ana asanu, awiri atuluka abuluu. Kodi yaikaziyi inakweredwa ndi ina?"

Amayi, musaiganizire zoipa mbalame yanu. Baji wakutchire wa ku Australia, komwe John Gould anatenga oyamba kupita nawo ku England mu 1840, ndi wobiriwira, nkhope yachikasu, mizere yakuda kunkhongo ndi pamapiko. Koma mu nthenga zake mulibe utoto wobiriwira. Muli utoto wachikasu, ndipo mkati mwa nthengamo munaumbidwa moti mumabweza kuwala kwabuluu. Ziwirizi zikakumana, diso limaona kubiriwira. Mbalame yolephera kupanga utoto wachikasu imatsala yabuluu, nkhope yake yoyera.

Mtundu wa nthenga umachokera kwa makolo kudzera m'tizinthu ta m'thupi totchedwa majini. Mwana aliyense amalandira jini imodzi kwa bambo, ina kwa mayi. Jini ya buluu ndi yobisala, imaonekera pokhapokha mwana akailandira mbali zonse ziwiri. Akailandira mbali imodzi amaoneka wobiriwira bwinobwino koma buluuyo ali naye m'magazi, ndipo wotere oweta amamutcha split. Zanu zonse ziwiri ndi split. Dzira lililonse la banja limeneli lili ndi mwayi wa 25 peresenti wotulutsa wabuluu, 50 peresenti wobiriwira wonyamula buluu, ndi 25 peresenti wobiriwira weniweni. Obiriwira a magulu awiriwa simungawasiyanitse ndi maso, ngakhale muwayang'anitsitse bwanji.

Chiwerengerochi chisakusokeretseni. Sikuti pa mazira anayi alionse limodzi liyenera kukhala labuluu, chifukwa dzira lililonse limachita maere akeake. Pa mabanja otere oswa ana anayi, pafupifupi limodzi mwa atatu silitulutsa wabuluu ngakhale mmodzi, pomwe inu mwapeza awiri. Mukafuna abuluu okhaokha, phatikizani wabuluu ndi wabuluu. Mwana wa banja lotere akayamba kubiriwira posintha nthenga, yang'anani nkhope za makolo ake: mmodzi ndi yellowface, wabuluu wa nkhope yachikasu, amene chikasu chake chimafalikira m'thupi. Ndipo mukafuna kudziwa ngati wobiriwira wina wanyamula buluu, muikeni ndi wabuluu. Mwana mmodzi yekha wabuluu ndi umboni wokwanira. Akaswa ana 6 onse obiriwira muli pafupi kutsimikiza kuti alibe, pakuti split amachita zimenezo kamodzi kokha pa maulendo 64.

Abambo ena a ku Matero akuti: "Ndinagula yaikazi yachikasu thupi lonse, wogulitsa anati ndi lutino. Ndaiika ndi yaimuna yobiriwira, koma ana onse ndi obiriwira wamba. Kodi anandinamiza?"

Abambo, yambani mwaigwira m'manja mbalameyo n'kuiyang'ana m'maso panja powala. Mbalame zachikasu thupi lonse zilipo za mitundu ingapo, koma taonani itatu iyi. Lutino ili ndi maso ofiira. Spangle yonyamula jini ziwiri ili ndi maso akuda okhala ndi kamzere koyera kozungulira. Ina, imene amati dark-eyed clear, maso ake ndi akuda bii opanda kamzere. Chikhala kuti yanu ndi spangle ya jini ziwiri, ana onse akanatuluka ndi mapiko owala okhala ndi kamzere kakuda m'mphepete mwa nthenga iliyonse. Poti inu mukuti ndi obiriwira wamba, ndipo ngati maso ndi ofiira, wogulitsa ananena zoona.

Chimene chachitika n'chakuti jini ya lutino imayenda ndi kulomozomu, kaulusi konyamula majini, yosiyanitsa yaimuna ndi yaikazi. Kwa mbalame, yaimuna ili ndi ZZ, yaikazi ili ndi ZW, ndipo jiniyi imakhala pa Z. Yaikazi ili ndi Z imodzi yokha, choncho ikakhala ndi jiniyi imaonekera basi. Yaimuna imafuna jini ziwiri kuti ioneke lutino. Ikakhala ndi imodzi imangonyamula. Mayi amapereka Z yake kwa ana aamuna okha, aakazi amawapatsa W. N'chifukwa chake ana aakazi a m'khola mwanu alibe lutino ngakhale pang'ono, pomwe aamuna onse anyamula. Amenewo musawagulitse pa mtengo wa obiriwira wamba, ndiwo mbewu yanu. Mmodzi wa iwo mukamuika ndi yaikazi yobiriwira, theka la ana aakazi lidzakhala lutino. Mukamuika ndi lutino yaikazi yochokera kwina, theka la ana onse, aamuna ndi aakazi omwe, lidzakhala lutino.

Njira yachidule kwa wofuna lutino msanga ndiyo kugula yaimuna ya lutino. Ikakwera yaikazi wamba, ana aakazi onse amakhala lutino, aamuna onse obiriwira onyamula. Ubwino wake wina ndi woti mumadziwa wamkazi tsiku lomwe waswa. Mwana akadali wamaliseche, maso asanatseguke, yang'anani pamene pali diso: wamba amaonetsa kadontho kakuda pansi pa khungu, lutino amaonetsa kofiirira kofanana ndi khungu lomwelo. Albino, yoyera thupi lonse ya maso ofiira, ndi jini yomweyi pa mbalame ya gulu labuluu. Lutino yaimuna ndi albino yaikazi zimaswa ana a maso ofiira okhaokha, onse achikasu, kupatula ngati bamboyo wanyamula buluu, pamenepo theka limatuluka loyera.

Opaline ndi cinnamon zimatsata lamulo lomweli. Opaline mumaizindikira ndi msana wopanda mizere pakati pa mapiko, mtundu wa thupi utalowa m'mapikomo, ndipo ana amene ndi opaline amamera ubweya woyera pamene anzawo ndi wotuwa. Cinnamon mizere yake ndi yabulauni m'malo mwa yakuda. Munthu akakugulitsani yaikazi yobiriwira nati yanyamula lutino, opaline kapena cinnamon, musawonjezere ngakhale ngwee imodzi. Yaikazi yotere kulibe, ndipo ndalama za oyamba kumene kuweta zimatayika kwambiri pa bodza limeneli.

Mnyamata wina wa ku Kanyama akuti albino yake yakwana chaka koma kachikopa ka pamphuno sikanakhale kabuluu, ndiye akuganiza kuti ndi yaikazi.

Achimwene, kwa albino, lutino ndi mtundu wina wamawangamawanga wotchedwa recessive pied, yaimuna siikhala ndi kachikopa kabuluu moyo wake wonse. Kamakhala kapinki kopita ku pepo, kosalala, kowala. Yaikazi ya mtundu uliwonse kake kamayamba kotuwira ndi timizere toyera kuzungulira mabowo a mphuno, kenaka kamasanduka kabulauni kokhakhala ikafika poikira. Ngati kanu n'kosalala ndi kapinki pa chaka chathunthu, muli ndi yaimuna. Recessive pied tatchulayi musaisokoneze ndi dominant pied: yoyambayo maso ake amakhalabe akuda opanda kamzere ngakhale itakula, mlomo wake ndi wofiirira ngati lalanje, ndipo imafuna makolo onse awiri akhale ndi jiniyo. Yachiwiriyo ili ndi kamzere m'maso, yaimuna yake kachikopa n'kabuluu, ndipo kholo limodzi ndi lokwanira.

Amayi ena a ku Kabwata akuti ogula amafuna buluu wozama, koma iwo akungoswetsa buluu wowala, ndipo mbalame ina imene anagula ngati mauve ikuwapatsa ana otuwa.

Kuzama kwa mtundu kuli ndi jini yakeyake yodetsa, ndipo iyi siibisala. Pa gulu labuluu, yopanda jiniyi ndi skyblue (buluu wowala), ya imodzi ndi cobalt (buluu wozama), ya ziwiri ndi mauve (wodera kwambiri, wopita kotuwa). Pa gulu lobiriwira ndi light green, dark green ndi olive. Ma skyblue awiri sangakupatseni cobalt ngakhale muwasunge zaka. Ma cobalt awiri amapereka 25 peresenti skyblue, 50 peresenti cobalt ndi 25 peresenti mauve. Koma mauve ndi skyblue zimaswa cobalt yokhayokha, dzira lililonse, ndiye kugula mauve munaganiza bwino, Amayi. Vuto ndi loti yanuyo ikuoneka kuti si mauve. Yang'anani tidontho ta m'masaya ndi nthenga zazitali za kumchira. Mauve m'masaya ndi mwa pepo, mchira wabuluu wakuda. Grey m'masaya ndi motuwa, mchira wakuda bii. Grey ndi jini yolamulira, yokwanira kuchokera kwa kholo limodzi, ndipo ndiyo ikukupatsani ana otuwawo. Violet weniweni, amene ambiri amamusirira, ndi cobalt wokhala ndi jini ina ya violet pamwamba pake. Mitundu imeneyi musamagule poona chithunzi cha pa WhatsApp kapena pansi pa babu usiku, chifukwa cobalt pafoni amaoneka violet. Pitani m'mawa mukaione panja pamthunzi, ndipo ngati n'kotheka muiyandikize ndi ina imene mukuidziwa bwino.

Funso lotsiriza ndi la abambo a ku Chawama amene ali ndi mbalame zambiri m'khola limodzi lalikulu lokhala ndi mabokosi ambiri. Akuti zonse zimene amawerenga sizikugwirizana ndi zimene zikutuluka m'mabokosimo.

Sizingagwirizane, Abambo, chifukwa m'khola la chigulu bambo wa ana simumudziwa. Yaimuna imene mumaiona ikudyetsa pakhomo pa bokosi si nthawi zonse imene inakwera. Wofuna kulosera mitundu aweta banja lililonse m'kakhola kakekake. Patulani zazikazi kwa milungu itatu kapena inayi musanaziphatikize, pakuti yaikazi imasunga umuna masiku angapo ndipo mazira oyamba angakhale a yakale ija. Musaswetse mbalame isanakwane miyezi 10 mpaka 12. Ya mizere yakuda yofika pamphumi mpaka pamphuno ikadali mwana wosapitirira miyezi itatu kapena inayi. Bokosi likhale ndi khomo la masentimita 5 ndi pansi pokumbika ngati kambale, kuti mazira asamwazikane ndiponso ana asakule miyendo yotang'adza. Yaikazi imaikira mazira 4 mpaka 6, kudumphitsa tsiku, ndipo lililonse limaswa patatha masiku 18. Lembani nambala pa dzira ndi pensulo yofewa. Likafika masiku 6 kapena 7 liunikeni ndi tochi ya foni mumdima: la moyo limaonetsa timitsempha tofiira, lopanda kanthu limangowala mbee.

Ana avekeni mphete zapulasitiki zamitundu kumwendo asanatuluke m'bokosi, zimene amachita pa masiku 30 mpaka 35, chifukwa akasakanikirana ndi anzawo simudzadziwanso wobiriwira wonyamula lutino ndi wobiriwira wamba. M'kope lembani tsiku loswa, mphete, bambo, mayi, mtundu wa maso tsiku loyamba, ubweya, ndi mtundu akatha kusintha nthenga. Banja likaswa maulendo awiri chotsani bokosi lipume, makamaka kukatentha mu Okutobala pansi pa malata.

Pofuna kutulutsa msanga mtundu wobisala ambiri amakweretsa mwana ndi mayi wake kapena mlongo wake, mibadwo yotsatizana. Mtundu umatulukadi, koma mbalame zimanka zichepa thupi, mazira osaswa amachuluka, ndipo ana amafera m'bokosi. Sinthanani zazimuna ndi woweta wa komboni ina, mupemphe kuona makolo a mbalameyo, ndipo yatsopanoyo ikhale payokha masiku 30 musanailowetse m'khola mwanu.