Bambo akunyumba akuti ndatenga matenda, chonsecho ndi kamphete ka kuchipatala

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 54, ndinabereka ana asanu ndi awiri. Chaka chatha chiberekero changa chinatsika, moti ndikasenza ndowa ya madzi ndinkamva ngati chinthu chikutuluka kumaliseche. Kuchipatala anandiika kamphete kofewa kotchedwa pessary koti kazichirikiza chiberekerocho, n'kundiuza kuti ndibwerenso pakatha miyezi itatu. Sindinapite. Ya minibasi inasowa, komanso ndinkapeza bwino. Pano papita miyezi 14. Ndikutuluka chikazi chonunkha, nthawi zina chamagazi, pomwe ndinasiya kusamba kalekale. Bambo akunyumba za kampheteka sakudziwa, ndinachita manyazi kuwauza. Akuti ndatenga matenda kwa amuna ena. Tsopano akugona pamphasa pabalaza ndipo akufuna kuitana ankhoswe. Nditani?

Wothedwa nzeru, Dedza

Achemwali,

Za ankhoswe zidikire kaye. Sabata ino ino pitani kuchipatala, ngakhale ndalamayo mukachite kubwereka kubanki m'khonde.

Kamphete kameneka si koika n'kuiwala. Kamayenera kuchotsedwa, kutsukidwa ndi kuonedwa pakapita miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi. Mayi akasiya kusamba, khungu lam'kati limapyapyala n'kuuma, ndiye kamphete kakakhalitsa malo amodzi kamapekesa mpaka kuchita chilonda. Kawirikawiri fungo ndi timagazi zimachokera pamenepo. Kakaiwalika kwa zaka kamatha kumatirira m'mnofu, kapena kuboola chikhodzodzo mkodzo n'kumangodontha, ija amati fistula. Musayese kukasolola nokha, ndipo zitsamba zoika kumusi, kaya akupatsani ndani, zitayeni.

Adokotala akakachotsa, mwina akusiyani masabata angapo opanda kamphete kuti chilonda chipole, mwinanso akupatsani mafuta opaka a estrogen (mankhwala othandiza kuti khungu lam'katilo lisaume) kapena kamphete ka msinkhu wina. Opaleshoni iliponso ngati kakukukanani. Mukapemphenso kuti akuyezeni khansa ya khomo la chiberekero, chifukwa magazi kwa mayi wosiya kusamba sitinyozera.

Tsono za bambowo. Kukunenani zachiwerewere asanakufunseni bwinobwino alakwa, sindikuwaikira kumbuyo. Komatu inunso mwawasiya mumdima chaka chathunthu. Munthu akumva fungo, akuona magazi pansalu, mkazi wake ali chete, aganiza chiyani? Ndipo manyazi ake ati? Chiberekero chimatsika chifukwa cha uchembere, mitolo ya nkhuni, chifuwa chosatha ndi kudzimbidwa. Ana asanu ndi awiriwo munabereka ndi iwo omwewo.

Madzulo ano, ana akagona, tulutsani buku lanu lakuchipatala muwaonetse pamene analemba. Kenako muwapemphe akuperekezeni, akamve okha kwa anamwino. Akaumirira za matenda opatsirana pogonana, musakangane nawo, kayezetseni nonse awiri tsiku lomwelo. Mukafunsenso ngati mtundu wa kamphete kanu umalola kukhala malo amodzi ndi bambowo osakachotsa, poti mitundu ina imalola, ina ayi.

Ndowa ija azisenza ana.

Azakhali